Gologolo ndi Chimbudzi cha Apongozi

Padangokhala! Amene mukuti tili tonse khalani bwinobwino, chifukwa nthano iyi sindidachite kubwereka kwa munthu, ndipo ikatuluka pakamwa panga sifunanso mchere wina.

Padali mudzi wa nyama wotchedwa Chimwamatope. Dzinalo silidali longonamizira. Nyama zonse zinkamwa padziwe limodzi, ndipo mvula ikangoyamba, zonyansa za kutchire zinkakokolokera m'dziwemo, m'mimba mwa ana n'kuyamba kulira ngati ng'oma. Mfumu ya mudziwo idali Kamba, koma mfumu imeneyi ikamva nkhani yovuta inkangobweza mutu m'chigoba. Choncho amene ankayendetsa mudzi adali Mayi Nungu, wapampando wa komiti ya madzi, mayi woti akatsokomola minga yawo inkamveka mpaka kumalire.

Mayi Nungu adali ndi mkamwini, dzina lake Gologolo. Iyeyu adakwatira mwana wawo Kanungu, ndipo awiriwa adali ndi kamwana kamodzi, Chitowe. Gologolo adali wochenjera, wapakamwa pokoma, koma pachikamwini nzeru zimayenda chokwawa. Malo ndi a eni, nkhokwe ndi ya eni, ngakhale mthunzi umene wakhalapo ndi wa eni. Komanso mwambo udali wakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sadyera pamodzi, salankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu. Mayi Nungu akafuna kumuuza kanthu ankauza mtondo wosinjira umene unkakhala pabwalo, Gologolo n'kuyankhanso mtondo womwewo.

Chaka china, mvula yoyamba itangogwa, pabwalo padatera a Dokowe. Amenewa ankachokera kutsidya kwa nyanja zamchere, atatumidwa ndi bungwe la mbalame za maiko ambiri loona za madzi abwino.

"Tabwera ndi mjigo," adatero a Dokowe. "Koma mjigo ndi umodzi, midzi ndi yambiri. Tiukumba pamudzi umene wasiya kudzithandiza kutchire. Khomo lililonse chimbudzi, chimbudzi chilichonse chivundikiro, panja pake mpondagiya."

"Mponda chiyani?" adafunsa mfumu Kamba, mutu uli theka panja.

A Dokowe adaonetsa kachigubu ka madzi kolendewera pamtanda, kachingwe, ndi kandodo kogona pansi. Ukaponda kandodoko kachigubu kamawerama, madzi n'kuthira m'manja, iwe n'kusamba ndi sopo kapena phulusa osagwira kanthu.

"Ndidzayendera katatu mvula isanathe," adatero. "Kachitatu ndikadzapeza zinthu sizili bwino, mjigo upita kwa Nyani kutsidya kwa mtsinje."

"Kwa Nyani?" Minga ya Mayi Nungu idaima yonse. "Amene amapukuta mamina ndi mchira aja? Ine ndili moyo?"

Zimbudzi zidakumbidwa, okumba ali akamwini omwewo. Cha Mayi Nungu chidaposa zonse: chozira bwino, chofolera udzu watsopano, chitseko cha bango. Mwini wake adachikonda kwambiri moti adasamutsira mtondo pafupi pomwepo, kuti aliyense wodutsa azichiona iwo akusinja.

Gologolo adachiyang'ana chimbudzicho, adayang'ana apongozi ali pakhomo pake, mchira wake udafota. Mkamwini kulowa mmene amalowa apongozi? Apongoziwo akumuona akulowa, n'kumuonanso akutuluka? Bola kumira m'dziwe. Ndiye iye, mnzake Njiri mkamwini wa Mayi Njati, ndi akamwini ena onse, adapitiriza kuzembera kuseri kwa chulu monga kale.

Ulendo woyamba a Dokowe adayendera makomo onse. Adasuzumira m'zimbudzi, adaponda mipondagiya, adagwedeza mutu mokondwa. Mayi Nungu adayamba kale kukonza pakhosi kuti alulutire. Koma a Dokowe adaima ndi mwendo umodzi pakati pa bwalo n'kupendeketsa mutu.

"Mwatopa, bwana?" adafunsa Mayi Nungu.

"Ndikumvetsera. Chimbudzi chikhoza kunama, mayi. Ntchentche sizinama."

Asanatseke mlomo, kuchokera kuchulu kudabwera gulu la ntchentche zonenepa, zonyezimira, zikuimba. Idali nyimbo yothokoza. Wotsogolera ankaiyamba ndi kamawu kakuthwa kokwera m'mwamba, anzake n'kuilandira ndi mawu okhuthala, kuyamika mabwana a kuseri kwa chulu amene sadazigonekepo ndi njala. Pothera pake zonse zinkagwedeza mapiko pamodzi ngati nthungululu.

"Kwatsala kawiri," adatero a Dokowe, n'kuuluka.

Mayi Nungu adatembenukira ku mtondo. "Mtondo iwe, uwauze anthu ena kuti ndikadzadziwa amene akudyetsa oimba aja, akakhala mkamwini adzanyamula khasu lake ndi mphasa yake. Mwana wanga sadzasowa mwamuna."

"Mtondo," adayankha Gologolo ali kuseri kwa nkhokwe, "uwauze amayi kuti alankhula zoona zokhazokha."

Madzulo a tsiku lomwelo akamwini adakumana kuchulu.

"Amwene, tapsa," adatero Njiri. "Bwanji tingokumba chathu?"

"Pamalo a yani?" adafunsa Gologolo. "Mkamwini wokumba dzenje osapatsidwa malo amati akulanda mudzi. Nanga ukapempha, ukati malowo ukufuna uchitepo chiyani? Takanena tikumve, pamaso pa Mayi Njati."

Njiri adayesa kutsegula pakamwa, manyazi n'kumugwira ngakhale apongoziwo panalibe.

"Siyirani ine," adatero Gologolo. "Vuto si chulu. Vuto ndi kwaya."

Atamva kuti a Dokowe akubweranso, Gologolo adatolera mango owola dengu lodzaza n'kukawakhuthula kutali, pafupi ndi malire a kwa Nyani. Kenako adapita kwa mtsogoleri wa ntchentche.

"Akulu, mwatiimbira kokwanira. Mawa phwando ndi lanu, kumalire. Mukadye, mukagone komweko."

"Ha! Bwana Gologolo, ulemu wanu!" idatero ntchentche. "Sitidzakuiwalani."

Mawu amenewa Gologolo adayenera kuwaopa.

Ulendo wachiwiri a Dokowe adaima ndi mwendo umodzi, pamudzi pali zii. Gologolo adaimika mchira monyadira. Koma mango aja adali atasasa ngati mowa wa masiku, ndipo woledzera sasunga chithokozo m'mimba. Ntchentche zidatulukira zikudzandira m'mlengalenga, zikugundana, nyimbo ija zikuikweza kuposa kale. Tsono zidawonjezamo ndime yatsopano, yotamanda mfumu ya mabwana a kuchulu, bwana wa mchira ngati tsache, amene amadyetsa kuchulu n'kudyetsanso kumalire. Ndimeyi zidaibwereza mpaka nthungululu ya mapiko.

Gologolo adaukhalira mchira wake msangamsanga.

"Kwatsala kamodzi," adatero a Dokowe.

"Mtondo iwe," adatero Mayi Nungu pang'onopang'ono, "michira yonga tsache padziko ndi yambiri, koma pamudzi pano ndikudziwapo umodzi. Uwauze anthu ena kuti mjigo ukawoloka mtsinje, nawonso awoloke."

Gologolo adathamangira a Dokowe asanauluke.

"Bwana, mundimvetse. Chimbudzi chilipo, koma ndi cha apongozi."

"Ndiye chavuta n'chiyani? N'chopapatiza?"

"Ayi, bwana. Ndi cha apongozi."

"Kwathu apongozi timadyera nawo mbale imodzi," adatero a Dokowe, akuoneka kuti akufunitsitsa kumvetsa koma zikuwadutsa pamwamba. "Ine malamulo amene ndidapatsidwa amati khomo limodzi, chimbudzi chimodzi. Pepa, mwana wanga."

Sabata yomweyo Chitowe adatsegula m'mimba. Maso adalowa m'kati, kamchira kadagona. Kanungu adachezera kumumwetsa madzi owiritsa a mchere ndi shuga mpaka mwana adadzuka, kenako adatembenukira mwamuna wake.

"Bambo a Chitowe, ntchentche zimene munaziitanira phwando zija, dzulo zinatera pa phala la mwanayu."

"Mayi a Chitowe, inunso mukudziwa mwambo."

"Mwambo ndikuudziwa. Mwananso ndikumudziwa. Nzeru zanu zija mumadzitama nazo pamowa, zitulutseni. Kupanda kutero mphasa ndikukulungirani ndine."

Gologolo adakanda mutu mpaka adapeza njira ina, n'kuthamanga nayo kwa anzake.

"Amwene, tamverani. Apongozi a mnzako si apongozi ako. Tisinthane! Ine ndizipita kwa Mayi Njati, iwe Njiri kwa Mayi Mbewa, mkamwini wa Mayi Mbewa kwa Mayi Nungu."

Akamwini adamunyamula m'mwamba. Koma nzeru imeneyi sidakhalitse. Njiri adalowa m'chimbudzi cha Mayi Mbewa n'kutuluka atachivala m'chiuno ngati siketi. Gologolo adapeza kuti bowo la kwa Mayi Njati ndi lalikulu ngati chitsime, moti adapulumukira mchira umene udakola pamtanda. Koma choopsa chidachitika tsiku lina masana. Gologolo adafika pachimbudzi cha Mayi Njati akuimba mluzu, adagwira chitseko, chitseko n'kutseguka chokha. Wotulukamo adali Mayi Nungu, amene adabwera kudzacheza kwa mnzawo.

Onse awiri adakuwa. Mayi Nungu adagwera m'maungu chagada, Gologolo adapezeka pansonga ya mtengo osadziwa kuti wakwera bwanji.

Ali pamwambapo, adasuzumira pansi. Adaona apongozi ake, mayi woopedwa mudzi wonse, ataphimba nkhope ndi chitenje, akuthawa chokwawa m'mizere ya maungu.

"Ohoo," adatero Gologolo chamumtima. "Kani manyaziwa ali ndi mbali ziwiri."

Chimanga chidayamba kucha, mvula idayamba kuchepa, ndipo uthenga udafika wakuti a Dokowe ali pafupi kubwera komaliza. Mayi Nungu adaitanitsa msonkhano wa komiti, ndipo komitiyo idali ya apongozi okhaokha.

"Mayi a Chitowe," adatero Gologolo, "amayiwa ndinawalakwira. Afululireni thobwa, mbiya yaikulu ija. Muwaphikirenso nyemba ndi maungu. Ndikuthandizani nkhuni."

Kanungu adamuyang'ana m'maso. "Mwayamba liti kukonda komiti?"

"Inu fululani."

Tsiku la msonkhano azimayi adamwa thobwa ngati akuthira m'munda. Chikho chinkangozungulira. Adadya nyemba, adabwereza maungu, adatsirizanso ndi thobwa. Dzuwa litafika paliwombo adabalalika, aliyense akuyenda mofulumirako pang'ono.

Mayi Nungu adakhota pakona ya nyumba yawo n'kuima chilili. Chitseko cha chimbudzi chidali chitachotsedwa, chili pansi. Pamwamba pa denga padali Gologolo, udzu uli m'manja, akufolera mwaluso ngati wolipidwa.

Mayi Nungu adatembenuka ngati akufuna nkhuni, n'kulunjika kwa Mayi Njati. Kumeneko chitseko chidalinso pansi, Njiri ali m'kati akuzira, Mayi Njati akuzungulirazungulira pabwalo ngati ataya singano. Kwa Mayi Mbewa chimodzimodzi. Mudzi wonse akamwini adali atagwidwa ndi mzimu wa ntchito, aliyense pachimbudzi cha apongozi ake.

Mayi Nungu adaponya diso kunjira ya kuchulu. M'mbali mwa njirayo ntchentche zidali zitandanda, zikuyesa mawu. Gologolo adali atazinong'oneza m'mawa kuti lero kubwera alendo olemekezeka, zikonzeretu ndime ya minga.

Mayi Nungu adabwerera pakhomo pawo akuyenda timasitepe tifupitifupi.

"Mtondo iwe, uwauze anthu ena kuti ntchito ikhoza kudikira mawa."

"Mtondo," adayankha Gologolo ali padenga, "uwauze amayi kuti a Dokowe ali pafupi. Ndikufuna chimbudzi chawo chidzaposenso zonse."

"Uwauze kuti dzuwa lakula, akapume pamthunzi."

"Uwauze amayi kuti ndathokoza, koma mkamwini wokonda mthunzi amanyamula mphasa."

"Uwauze kuti mkazi wawo akuwaitana!"

"Sindikuwaitana, amayi," adatero Kanungu ali m'khitchini, mawu akunjenjemera ndi kuseka. Apa n'kuti atazindikira ntchito ya thobwa lake.

"Iwe khala chete!" Minga ya Mayi Nungu idayamba kulira yokha, tseketseke, ngati maseche. "Mtondo, uwafunse kuti atsiriza nthawi yanji."

"Uwauze amayi kuti mbali ino yokha ndi mpaka madzulo. Ndikatero nditsike, ndilukenso chitseko bango limodzilimodzi. Kapena pali chimene chikuwafulumiza? Anene, ine ndine mwana wawo."

Anene bwanji? Mawu amenewo sangatuluke pakamwa pa apongozi, mkamwini akumva. Mayi Nungu adaima atapingasa miyendo, thukuta lili kamukamu. Chimbudzi chili apo, chokongola, chawochawo, koma kulowamo kosatheka chifukwa cha maso a munthu mmodzi. Tsono mayi ameneyu adali wouma mutu, koma sadali wopusa. Adayang'ana mtondo umene adauika yekha pakhomo pa chimbudzi. Adayang'ana njira ya kuchulu. Adayang'ananso mtondo.

"Mtondo iwe," adatero, mawu atatsika, "kuseri kwa nthochi zanga kuli malo ongokhala. Anthu ena akakumbe kumeneko chimene akufuna kukumba. Ine sindifunsa. Khomo lake liyang'ane kumene ine sindipita."

"Mtondo, tawafunsa amayi, malowo ndi a ine ndekha kapena akamwini onse?"

"Onse!" adakuwa Mayi Njati kuchokera pabwalo pawo.

"Onse! Onse!" adalira Mayi Mbewa ndi kamawu kotsala pang'ono kuduka.

"Mtondo, nkhani ya malo imafuna mfumu."

Mfumu Kamba, amene ankamvetsera zonsezi ali pansi pa nkhokwe, adatulutsa mutu wonse, chinthu chimene chidali chisanaonekepo. "Ndamva ndipo ndavomera. Tsika msanga, mwana iwe, mudzi usanaonongeke."

"Chitseko abwezeretse!" adakuwa Mayi Nungu. "Tsopano lino!"

Gologolo adatsika ngati mphezi, adaimika chitseko, adatola khasu n'kuthamangira kunthochi osacheuka. Kumbuyo kwake mudzi wonse udamveka zitseko za bango, phwa, phwa, phwa, kenako bata lalikulu.

Akamwini sadakumbepo mwachangu chotere chibadwire. Adakumba chachikulu cha Njiri ndi anzake, chaching'ono cha Gologolo ndi anzake, kutali ndi dziwe, makomo atayang'ana kuthengo. Adaika zivundikiro, adamanga mipondagiya, phulusa lili m'chigoba cha nkhono. Kuchulu adakakwirira zonse n'kubzalapo mbatata.

Ulendo wachitatu a Dokowe adaima ndi mwendo umodzi pakati pa bwalo. Adaima. Adasintha mwendo. Gologolo mchira udali m'manja, Kanungu atabereka Chitowe kumbuyo.

Kenako zidatulukira ntchentche zochepa, zowonda, zikuuluka chapansipansi. Nyimbo idali yomwe ija koma itasanduka ya maliro. Wotsogolera ankaikoka mosisima, anzake n'kuyankha mwaulesi, kudandaula mabwana a kuchulu amene adasamuka osatsazika n'kutseka chakudya ndi chivundikiro. Pofika pa nthungululu ya mapiko, mphamvu zidazithera. Zidadutsa pabwalo n'kulowera njira ya kutsidya kwa mtsinje.

A Dokowe adatsitsa mwendo. "Mjigo ndi wanu. Koma ndaona zimbudzi zina kuseri kwa nthochi. Zimenezi m'malamulo athu mulibe."

"Nzeru zanga zimenezo, bwana," adatero Mayi Nungu, chifuwa chili patsogolo. "Ndinakhala pansi n'kuganiza ndekha. Mkamwini salowa molowa apongozi, ngakhale mwana amadziwa. Mukawauze kwanuko kuti musanawerenge makomo muziyamba mwafunsa eni mudzi kuti ndani amathawana ndi yani."

"Ndikanena, mayi. Ndikanenanso kuti ndinamva kwa inu."

Gologolo adatsokomola pang'ono. Kanungu adamuponda phazi.

Mjigo udakumbidwa, madzi adatuluka oyera ngati maso a mwana. Woyamba kupopa adali Mayi Nungu, woyamba kumwa adali Chitowe. Madzulo ake, Gologolo akudutsa kuseri kwa nkhokwe, adamva apongozi akuyankhula.

"Mtondo iwe, uwauze anthu ena kuti kamphasa kawo kaja katha, ndakataya. Ndawalukitsira ina ili pakhonde. Koma uwachenjeze kuti ndi yaikulu kwambiri, munthu mmodzi sangainyamule kupita nayo kulikonse."

Gologolo adagwada kuseri kwa nkhokwe komweko n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Mtondo, uwauze amayi kuti ndilibe kopita nayo."

"Uwauzenso," adatero Mayi Nungu, "kuti thobwa lawo sindidzamwanso."

Ntchentche zija mpaka lero zimafuna kubwerera pamudzi. N'chifukwa chake ikatera pafupi ndi mbale yanu mumaiona ikutikita timanja take, kunamizira kuti nayonso yasamba. Musaikhulupirire, ilibe madzi, ilibe sopo.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule, koma ayambe wadzera pa mpondagiya.